Chisoti cha Tomasi

Madzi a Shire akasefukira kwa Mlolo, munthu amayamba kupulumutsa chimene mtima wake wagonapo. Wina amathamangira mbewu, wina mbuzi, wina khoka. Geresomo ankathamangira chisoti. Mkazi wake Rute akukweza ana m'bwato, mapira akunyowa m'nkhokwe, nkhuku zikulira pa tsindwi, iye ali chilili pamwamba pa mtondo wozondotsa, akumasula chingwe cha chisoti chakale cha Mjeremani chimene chinkalendewera ku denga. Ankachita zimenezi dzinja lililonse madzi akabwera, ndipo Rute anatopa n'kufunsa, anangosiya.

Sanali wamisala ayi. Anali msodzi ngati asodzi ena a m'mbali mwa dambo, wodziwa kuluka mono ndi kuwamba mlamba kuti usachite mphutsi, munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosachedwa kukhala chete. Pakati pa mutu anali ndi dazi, koma silinali la ukalamba. Linali la katundu. Anayamba kusenza ali mnyamata, pamene njanji inkafika ku Chiromo ndipo azungu ankafuna mitu yonyamula madengu a dothi. Anadzasenzanso thonje, anasenza machila a bwana wina wonenepa, kenaka nkhondo inamaliza tsitsi lotsalalo.

Anali ndi mng'ono mmodzi yekha, Tomasi, wamtali ngati mgwalangwa, wapakamwa, woseketsa anthu ngakhale pa maliro. Makolo awo anapita msanga, choncho awiriwo anakula ndi bwato limodzi, mkeka umodzi ndi mpeni umodzi. Atabatizidwa ku mishoni anagula malaya amodzi oyera. Sabata ino apite nawo ku tchalitchi Geresomo, manja atapinda kawiri, sabata ya mawa Tomasi, mchombo uli pamtunda. Anthu ankaseka, abalewo ankasekera nawo limodzi. Pakati pawo panalibe chakuti ichi n'changa.

Tomasi anakwatira Esinala wa kwa Mbenje. Anamulowola mwa Chisena, motero mkaziyo anasiya kwawo n'kudzakhala pakhomo pa abalewo. Ukwati unali ndi miyezi inayi yokha pamene amesenjala a boma anatulukira pa doko m'chaka cha 1917, n'kugwira mwamuna aliyense amene anali ndi miyendo iwiri. Nkhondo ya chiwaya inkafuna amtengatenga. Geresomo ndi Tomasi anawapeza akuyanika khoka, ndipo khokalo linatsala pomwepo lili lonyowa.

Za ulendowo Geresomo sankakonda kukamba. Anawatengera kumpoto, kuseri kwa nyanja, m'dziko limene Ajeremani ankalamulira. Ankasenza mabokosi a zipolopolo ndi matumba a mpunga umene ankadya ena. Anthu a ku Chigwa, ozolowera kutentha, anakaona mapiri ozizira kumene mvula imagwa chopingasa. Mdani sanamuone n'komwe. Ankangopeza misasa yake itapsa, phulusa likadali lofunda.

Pa msasa wina wotero Tomasi anatola chisoti mu udzu. Chinali cha nsalu ya khaki yokutira chinthu chopepuka ngati phesi la chimanga, chokhala ndi mlomo wautali kumbuyo wotchinga khosi, ndi kachizindikiro kozungulira kutsogolo, kakuda, koyera ndi kofiira. Kapitawo anafuna kumulanda, koma Tomasi anachivala, natulutsa mimba, nayamba kuyenda ngati mzungu akuyendera mzere, akukalipa m'chinenero chopeka yekha. Kapitawo anaseka mpaka kuiwala. Kuyambira pamenepo, poyenda ankachimanga m'chiuno chifukwa pamutu panali katundu, koma akangotula, chisoti pamutu. Kachikopa ka m'kati kanada bii ndi thukuta lake.

Kamwazi kanamugwira Tomasi mvula ili pakati. Anayenda nako masiku asanu, Geresomo akusenza katundu wa anthu awiri pamene kapitawo wayang'ana kumbali. Tsiku lachisanu ndi chimodzi miyendo inakana. Anamukhazika pansi pa mtengo wa mbawa, m'mbali mwa njira. Geresomo anapempha kuti atsale naye, anamuyankha ndi chikoti. Anapemphanso, chikoti chinabwereza. Ndiye anamusiyira bulangete, madzi m'kachitini ndi mpunga wodzaza dzanja. Tomasi anali akulankhulabe, milomo itauma koma nthabwala zisanathe. Anamasula chisoti m'chiuno.

"Tengani, akulu," anatero. "Mukamupatse Esinala. Mukamuuze kuti bwana mwini chisoti akubwera m'mbuyo."

Geresomo anafika kwa Mlolo kumapeto kwa 1918, mliri wa chimfine ukusesa midzi, ali mafupa okhaokha, chisoti chili m'chiguduli kumsana. Anapereka uthenga monga anaulandirira, osaonjeza, osachotsa. Esinala analandira chisoticho ndi manja awiri, nachisunga m'nyumba mwake chaka chathunthu. Madzi atagwetsa nyumbayo anachibweza kwa mlamu wake, poti denga lake linali lalitali. Chinakhala kumeneko.

Chaka choyamba aliyense ankadikira, chifukwa amtengatenga ankatulukirabe mmodzimmodzi. Chaka chachiwiri munthu wina wa kwa Mbenje, amene abale ake anali atamulira kale, anabwera kuchokera ku dziko la Apwitikizi ndi mkazi ndi mwana, wonenepa bwino. Kubwera kwa munthu ameneyu kunamulakwira kwambiri Esinala, ngakhale mwiniwake sanadziwe. Geresomo anapeza pogwira. Wina akangoyamba za Tomasi, iye ankaloza kwa Mbenje.

Chaka chachitatu akuluakulu a banja anakhala pansi. Mwambo wake ngwodziwika. Munthu akafera kutali, thupi osaoneka, sakwirira dzenje lopanda kanthu. Amafuna chinthu chokhala ndi litsiro lake, chimene chinamwa thukuta lake, n'kuchikulunga, n'kuchiika m'manda m'malo mwa mwiniwake. Kenaka anthu amameta, mkazi wamasiye amasudzulidwa, n'kukhala mfulu kukakwatiwa kumene akufuna. Chinthucho chinalipo, chili lende ku denga. Chimene chinkasowa ndi pakamwa pa amene anali naye komaliza, kuti anene pamaso pa anthu kuti m'bale wathu anafa.

"Ndinamusiya akupuma," anatero Geresomo. "Ndinamusiya akuseka. Ndinene bwanji chimene maso anga sanaone? Ndikwirire munthu wamoyo?"

Anapita nayo nkhaniyi kwa mphunzitsi wa ku mishoni, amene anamuuza zoona kuti umboni wonama ndi tchimo. Geresomo anabwerako atautenga mwala umenewu n'kuukhalira. Kwa akuluakulu ankayankha za m'buku, kwa a tchalitchi ankayankha za makolo. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pano wovumbwa sanali iye. Anali Esinala.

Mkaziyo sanali wokwatiwa, sanali wamasiye. Sakanameta, sakanalira, sakanabwerera kwawo ngati womasuka, ndipo mwamuna wina sakanayerekeza kumufunsira poyera. Ankalima thonje la pakhomopo, ankatunga madzi, ankalera ana a Rute. Njala ya 1922 itavuta, iye ndiye ankamira m'dambo kukazula nyika, mizu yodyedwa ya maluwa a m'madzi, pakati pa ng'ona, banja lonse n'kupulumuka. Anzake a msinkhu wake anali ndi ana atatuatatu. Abale ake anabwera kawiri kuchokera kwa Mbenje kudzafunsa, kawiri konse anabwerera ndi mawu omwe aja akuti akubwera m'mbuyo. Ku chitsime amayi ankanena kuti Geresomo sakusunga chisoti, akusunga khasu la ulere. Zinali zabodza, koma bodza lake linali ndi miyendo.

Zoona zake n'zakuti munthuyu anali wotopa. Sitima ya pamtunda ikalira ku Chiromo, mawu ake amadutsa dambo lonse, ndipo khosi la Geresomo linkatembenuka lokha, kaya ali pakati povuula mono, kaya ali pa pemphero. Bwato lachilendo likaima pa doko, ankasiya chakudya. Munthu wamtali aliyense wobwera patali ankamuimitsa mtima. Zaka zisanu ndi chimodzi za kutembenuka kotere zimatha munthu kuposa katundu wa zipolopolo. Ankamuona Esinala akubwera kumunda madzulo, akuuma chaka ndi chaka, ndipo ankachita manyazi mpaka kuyang'ana pansi. Koma kunena kuti Tomasi anafa kunali kuvomera kuti anafa yekha pansi pa mbawa, mkulu wake akuyenda ndi mpunga wa azungu pamutu. Pakamwa pake sipankatha.

Panali Jeremiya, wogula nsomba zouma n'kukagulitsa ku siteshoni, amene mkazi wake anapita ndi chimfine chija. Munthu waulemu, wosafulumira. Kwa zaka zitatu ankagula nsomba kwa Geresomo ngakhale kwina zinali zabwino kuposa, ndipo aliyense ankadziwa chimene ankafuna pakhomopo. Mu 1924, thonje litayamba kuphulika, anatuma mawu kudzera kwa akuluakulu kuti msika wa thonje ukangotha akusamukira ku Zambezi kumene anapeza ntchito ku minda ya nzimbe. Akadakonda kupita ndi Esinala. Ngati sizitheka, apita yekha, ndipo sadzabweranso kudzavutitsa anthu. Esinala atamva, anatenga khasu n'kupita kumunda dzuwa lili paliwombo.

Ku Chiromo kunali mzungu wogula thonje amene anthu anamutcha Mutu Umodzi, chifukwa anali ndi mutu umodzi ngati ife tonse koma zisoti za nkhondo zopitirira makumi awiri. Ku nkhondoko sanapite, akuti maso ake anali ofooka, koma zisoti ndiye ankaziona patali. Zinali ndandanda pa khoma la khonde lake: zachitsulo zochokera ku Ulaya, china cha nsonga pamwamba, za Apwitikizi zodyedwa ndi chiswe, china choboka ndi chipolopolo chimene ankachikonda kuposa zonse. Chilichonse ankachijambulitsa, chithunzi n'kuchimata m'buku lalikulu, zithunzi zina n'kutumiza kwa anzake a matenda omwewo kwawoko. Wojambula wake anali Lorenso, Msena wa kutsidya, amene anaphunzira ntchitoyi ku Chinde, wovala chipewa chaudzu ndi nsapato zolira. Ndiye ankazungulira midzi ndi bokosi lake la miyendo itatu, kufunsa amene anabwerako ku nkhondo ndi chovala cha kumutu.

Anafika pa doko la Geresomo m'mawa wina wa mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa thonje m'minda. Anamupatsa mpando, anamwa madzi, anafunsa za nsomba, kenaka anafika pa nkhani yake. Geresomo anazengereza, koma mlendo sabwezedwa ndi maso okha. Anakwera pa mtondo, anamasula chisoticho, napukuta mwaye ndi chikhatho. Lorenso atachiona anaimba kaluzu kakang'ono. Cha mtundu umenewu bwana wake analibe.

"Shamwali," anatero, "bwana apereka bulangete latsopano, makasu awiri, ndi ulusi wa khoka wokwana khoka lathunthu. Chimenechi kuno chingodyedwa ndi mphemvu."

Esinala anali kuseri kwa nkhokwe, akusankha thonje pa mkeka, ndipo manja ake anaima. Chisoti chikapita pa khoma la mzungu, palibenso kanthu ka Tomasi kotsala padziko, chifukwa zina zonse zinapita ndi madzi. Sipakanakhala choika m'manda. Akanakalamba pakhomopo akudikira munthu wobwera m'mbuyo. Khoka la Geresomo linali zigamba zokhazokha, ndipo aliyense pabwalopo ankadziwa.

"Si changa," anayankha Geresomo. "N'cha mng'ono wanga. Akabwera ndidzamuuza kuti chili kuti?"

Lorenso anali atazolowera kukanidwa. "Nkhabe mlandu, palibe vuto," anatero. "Ndiye chithunzi chokha. Chithunzi sichichotsa kanthu, chisoti chitsala chanu. Koma bwana amafuna chikhale pamutu pa munthu amene anabwera nacho. Mungovala, muime apo, musagwedezeke mpaka nditanena."

Geresomo anavomera, poganiza kuti wapulumuka mosavuta. Lorenso anatambasula miyendo ya bokosi lake pabwalo, analowetsa galasi, anamuimika Geresomo poyang'ana dzuwa, kumbuyo kwake kuli bango la m'dambo. Anthu anasonkhana, poti bokosi lotere ambiri ankangomva. Amuna anasiya kusoka makoka. Rute anatuluka m'nyumba khanda lili kumbuyo, mwana wawo wamkulu Estere atamugwira nsalu. Lorenso analowetsa mutu mu nsalu yakuda.

"Valani tsopano."

Apa pali chinthu chimene Lorenso, pokhala mwana wa m'chigwa chomwechi, anayenera kuchikumbukira, koma anali atakhalitsa pa makonde a azungu. Chovala cha munthu wamoyo m'bale wake amavala mmene angafunire. Chovala cha wakufa, maliro asanathe ndi anthu asanamete, ungachigwire, ungachisunge, koma suchivala. Litsiro la wakufa likakhudza thupi lako, amati imfa yalowa m'nyumba, ndipo siyambira iwe, imayambira ana. Geresomo anali Mkhristu wa pa mpando wa kutsogolo, koma madzi a ubatizo amanyowetsa mphumi, za m'mafupa zimatsala momwemo.

Anakweza chisoti ndi manja awiri kufika pachifuwa. Anachikweza kufika pachibwano. Fungo la kachikopa kaja linamufika m'mphuno, ndipo manja anaima pomwepo.

"Pamutu, shamwali," anatero Lorenso m'kati mwa nsalu. "Dzuwa likukwera."

Rute anangomukokera Estere kumbuyo kwake, nafunditsa khanda nsalu kumutu. Amayi ena awiri anachita chimodzimodzi ndi ana awo. 

Esinala anadzuka pa mkeka, thonje litamumatirira m'mikono, nabwera kudzaima pafupi ndi bokosi. Zaka zonsezi sanamuyankhepo mlamu wake pamaso pa anthu. Analankhula motsitsa, mwaulemu wonse.

"Valani, alamu. Malaya a tchalitchi aja simunkasinthana? Mwakhala mukutiuza kuti ali moyo, akubwera m'mbuyo. Cha wamoyo sichipha mwana. Valani tione."

Geresomo anayang'ana kaphazi ka khanda kamene kanatulukira pansi pa nsalu ya Rute. Pamenepo anakumbukira chinthu chimene anachibisa ngakhale kwa iye mwini. Tsiku limene anamusiya Tomasi, atatula katundu madzulo, anavala chisoticho. Mawa lake anavalanso. Koma m'mawa wa tsiku lachitatu, ali pa kamtsinje akusukusula, anachitenga kuti avale, manja ake n'kukana ngati lero lomwe. Palibe anamuuza kanthu. Anangowerenga m'mtima madzi a m'kachitini, mpunga wodzaza dzanja, mvula ya masiku awiri ndi afisi a m'dzikomo. Anachikulunga m'chiguduli, ndipo anayenda nacho miyezi khumi pa dzuwa loswa mtengo, dazi likupsa, osachiikanso pamutu ngakhale kamodzi.

Anatsitsa chisoti pang'onopang'ono. Anakhala pansi pa dothi, chisoti chili pa maondo.

"Tomasi anafa," anatero. Anabwereza kuti akumbuyo amve. "Mng'ono wanga anafa. Sindinamuone, koma ndinadziwa tsiku lachitatu. Ndinamusiya yekha pansi pa mtengo, anafera pomwepo. Ndakhala ndikudziwa."

Mayi wina wachikulire anayamba kulira, ena anamulandira, maliro ochedwa ndi zaka zisanu ndi chimodzi anayamba dzuwa likuswa. Lorenso anatulutsa mutu mu nsalu, anaona zimene wachita, anavula chipewa chake chaudzu. Manyazi anamugwira mpaka anayamba kupinda miyendo ya bokosi osatsazika.

"Dikirani, baba," anatero Esinala. Maso ake anali ouma. "Galasi mwalowetsa kale. Mujambuleni."

Anapita pa doko, anabwera ndi nkhafi yaitali, anaizika pamene panaima Geresomo. Anatenga chisoti pa maondo a mlamu wake n'kuchikoleka pamwamba pake. Anabwerera m'mbuyo, anayang'ana, anapukusa mutu.

"Yalowa kwambiri. Sanali wamfupi chonchi."

Amuna awiri anaizulako pang'ono, naitsira dothi m'munsi. Esinala anayandikira, anaima pambali pake, nakweza maso monga ankachitira polankhula ndi mwamuna wake. "Pang'ononso," anatero. Anakwezanso. "Basi, pamenepo."

Geresomo anadzuka. Esinala ankadziwa msinkhu, koma anali asanamuonepo Tomasi atavala chisoticho. Geresomo anatambasula dzanja, chifukwa chinali pamwamba kwa iye, nachipendeketsa kumanzere, mlomo wake n'kutsikira pa diso limodzi. "Ankavala chonchi," anatero. "Amati ndi mmene amavalira mabwana." Esinala anaseka kamodzi, kuseka kwakufupi, ndipo misozi inabwera pambuyo pake. Lorenso analowa mu nsalu, anatsegula diso la bokosi, anawerenga chamumtima, natseka.

Chisoticho anachiika mawa lake ku manda a pa chitunda kumene madzi safika, chitakulungidwa mu nsalu yoyera ndi mkeka watsopano. Mphunzitsi wa ku mishoni anabwera kudzawerenga mawu, akuluakulu anachita zawo iye atatembenuka, ndipo panalibe wodandaula. Anthu anameta. Masiku ake atakwana, Geresomo anamusudzula mlamu wake pamaso pa abale a kwa Mbenje. Akuti Mutu Umodzi anakalipa sabata yathunthu atamva kuti chisoti chosowa chotere achikwirira m'dothi kuti chidyedwe ndi chiswe, koma chithunzicho anachimata m'buku lake.

Msika wa thonje utatha, Geresomo anawapalasa yekha Jeremiya ndi Esinala kupita ku Chiromo kukakwera sitima. Pa siteshoni anawapeza Lorenso, amene anatsuka chithunzi chachiwiri bwana wake osadziwa. Anachipereka kwa Esinala ndi manja awiri. Atatuwo anaweramirapo. Chisoti chinatuluka bwino, chopendekera kumanzere, ndi kachizindikiro kake komwe. Pansi pake, pamene panayenera kukhala nkhope, pankaoneka nkhafi ndi bango la m'dambo.

"Msinkhu wake ndi womwewu," anatero Esinala. Anachikulunga m'kansalu n'kuchiika m'dengu lake. Jeremiya anayang'ana kwina ngati akuwerenga mabogi.

Geresomo anali atakonza mawu ambiri m'bwato, koma anatuluka ochepa. "Ndinakudyerani zaka, alamu."

"Munadya," anayankha Esinala. "Madzi akatayika saoleka. Takhuta," anathokoza mwa Chisena, "kuti mwanena ndikadali ndi mano." Sanamwetulire, koma anagwada pang'ono monga mwa ulemu, nakwera. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo m'manja mwake munali mwa mayi wa zaka makumi anayi.

Geresomo anakhala zaka zina zochepa akuvuula mono m'dambo lomwelo. Sanasanduke munthu wosangalala, anangosiya kuthamangira pa doko. Khosi lokha linachedwa kumva: sitima ikalira linkatembenukabe, iye n'kulibweza.

Madzi anabwera mu Febuluwale wotsatira maliro aja, masana, ofiira, akukankha zinyalala pabwalo. Rute anayamba kutulutsa katundu. Atalowanso m'nyumba anamupeza mwamuna wake ali chilili pamwamba pa mtondo wozondotsa, manja ali ku denga, atagwira chingwe chopanda kanthu. Madzi anali atafika m'akakolo.

"Abambo a Estere," anatero Rute, "mwana."

Geresomo anasiya chingwecho. Anatsika, ananyamula mwana, napita naye ku bwato.